Nyali Yopaka Kyutekisi

Amene anayambitsa nkhani yoti ine Dorika ndayamba uhule sindikumudziwa mpaka lero, koma ndikudziwa kuti anali munthu wa maso akuthwa ndi mutu wopanda kanthu. Anaona windo la kuchipinda kwanga likufiira dzuwa litalowa, basi kafukufuku wake anathera pomwepo. Kuti abwere adzagogode n'kufunsa kuti mayi, kodi m'nyumbamu mwagwanji, miyendo inamulemera. Koma yopita nayo nkhaniyo pa Mtunthama inapepuka bwinobwino.

Amuna anga, a Levison, anagwa pa chigafa nthawi yopachika fodya. Anakwera kukakonza denga limene linkadonthera pa mikangala ya pakati yopachikapo fodya, phaso lodyedwa ndi chiswe linathyoka, iwo n'kufikira mutu pa chitsa. Ku chipatala cha ku boma anatisunga nthawi ndithu, kenako anatibweza kumudzi ndi mapilitsi komanso malangizo. Munthu amene ndinabwera naye kunyumba sanali yemwe uja ankasenza belo la fodya yekha uku akuimba mluzu. Mbali yonse ya kumanja inafa. Mawu onse amene ankandisowetsa nawo mtendere zaka zonsezi anathawa, panatsala liwu limodzi lokha: siya.

Phala, siya. Madzi osamba, siya. Abusa atabwera kudzawapempherera, siya, mpaka abusawo anafupikitsa pemphero. Ine ndinachita kuphunzira ngati mwana wa sitandade wani. Pali siya wamfupi, wotuluka ngati chifuwa, ameneyo ndi wokana. Pali siya wokoka, wotsikira pansi pang'onopang'ono, ameneyo ndiye kuti eya, wachita bwino, pitiriza. Ndiye pali wina wa m'mano, amene ndinamumva koyamba tsiku limene ndinawayatsira nyali.

Nyaliyo anagula okha a Levison ku boma chaka chathachi. Ndi ya mabatire akuluakulu, chogwirira chake cha waya, timababu ting'onoting'ono tozungulira mkati mwa galasi la pulasitiki. Atabwera nayo anaiika pamwamba pa kabati n'kupereka lamulo. "Iyi ndi ya pa ngozi, mayi a Thoko, osati yosakira utitiri." Mwana wathu Thoko, amene ali ku sekondale yogonera konko, anaipempha kangapo kuti aziwerengera pa holide, anamukaniza. Inkangokhala pamenepo n'kumadikira ngozi. Ngoziyo itabwera, anali mwini wake yemwe.

Anamwino anandichenjeza kuti munthu wovulala mutu chonchi nthawi zina amayamba kunjenjemera thupi lonse, makamaka akagwedezeka kwambiri kapena akatopa. Anati zikayamba ndiziwagoneka chammbali, ndiziyang'ana pakamwa kuti malovu asawatsamwe. Kuyang'ana pakamwa pa munthu kumafuna kuwala. Kandulo kapena koloboyi sizikanatheka, poti fodya yense wouma tinamulowetsa m'nyumba kuopa akuba, mabelo ena ali m'chipinda momwemo, ndipo mkono wawo wamanzere ukayamba kuponya sufunsa kuti pafupi pali chiyani. Nyumba yonse ikanapsa ngati ndudu. Ndiye ndinatsitsa nyali ija pa kabati, ndikuti lero ntchito yake yakwana.

Nditangodina, chipinda chonse chinayera mbee, kuwala kobaya m'maso ngati kwa pamalo owotcherera zitsulo. A Levison anakukuta mano, nkhope n'kuikwirira pa pilo, liwu lija n'kutuluka mochita kufinyika. Sindinamvepo munthu wamkulu akulira choncho. Ndinazimitsa msanga, koma mutu unali utawagwira kale. Tsiku lotsatira lonse anangokhalira kusanza, nsalu ili kumaso. Dzuwa nalonso linali litayamba kale kuwavuta, n'chifukwa chake masana katani inkakhala yotseka, koma nyali imeneyi inaposa dzuwa.

Ndinayesa zambiri. Kuiphimba ndi chitenje, kunkada kwambiri, pakamwa osaoneka. Kuiika pansi pa bedi, inkawalitsa mapoto ndi nsapato, munthu ali mu mdima. Tsiku lina ndinaikulunga ndi tsamba la fodya, poti timababu timeneti sititentha, ndipo kuwala kunatuluka kokoma, kofiirira, iwo osadandaula ngakhale pang'ono. Pamenepo ndinadziwa kuti vuto si kuwala kwenikweniko koma kuyera kwake. Koma tsamba louma silichedwa kufumbutuka, tizidutswa tinkagwera pa bulangete, iwo n'kumayetsemula mpaka misozi. Ndinafunika chinthu chofiira chomamatira.

Ndinapita pa saluni ya Feliya pa Mtunthama, mtsikana amene ndinkaimba kwaya ndi amayi ake. Nditamufotokozera, anatsegula kadilowa n'kutulutsa kabotolo ka kyutekisi, utoto wopaka zikhadabo.

"Wofiira yekha ndi amene watsala, anti. Wa pinki atsikana anamaliza."

"Bweretsa yemweyo. Sindikupita ku ukwati."

Ndinapaka nditakhala pakhonde, masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense wodutsa akuona. Ndinapaka galasi lonse, ndikudikira kuti aume, ndikupakanso pamwamba. Madzulo ake ndinalowa nayo kuchipinda mtima uli m'mwamba, chala chili pa batani kuti ndizimitse akangoyamba. Ndinadina. Chipinda chinafiira ngati mkati mwa papaya wakupsa. A Levison anatsegula diso limodzi, kenako linalo. Anayang'ana kudenga, anayang'ana mabelo awo a fodya, kenako anandiyang'ana ine, nthawi yaitali, koyamba chigwereni pa chigafa paja. Ndiye anatulutsa siya wokoka uja, wotsikira pansi. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana, ndipo sindikuchita manyazi kunena.

Chimene sindinaganize n'chakuti nyumba yathu ili m'mbali mwa njira yochokera pa Mtunthama, ndipo kuseri kwa mabala a pamenepo kuli tizipinda ta mababu ofiira timene aliyense amanamizira kuti satidziwa. Nyengo yake inalinso yoipa, amuna atayamba kugulitsa fodya, nzeru zawo zitasamukira m'matumba a buluku.

Woyamba kugogoda anali Tsoka wa kabaza, bambo wa ana ake ndithu, yemwe ine ndinamuberekapo kumsana ali khanda amayi ake akudwala. Kunali kutangoyamba kuda.

"Odi, mayi Dorika."

"Ndani? Tsoka? Kwagwanji?"

"Palibe, ndimangodutsa. Ndaona kuti mwayatsa."

"Ndayatsa, inde. Ukufuna moto?"

Anaseka kaseko konunkha kachasu, akukanda khosi. "Anthu akuti mwatsegula. Ndiye ndati poti akulu aja ali gone, ife a pafupi tisamvere kwa alendo."

M'manja ndinali ndi beseni la madzi amene ndinali nditangowasambitsira a Levison. Sindinakawataye kutali.

Kutacha, nkhani inali yoti ndinamuthira madzi chifukwa tinasiyana pa mtengo. Ku mjigo azimayi ankangoti zii ndikafika, zigubu zokha n'kumalankhula. Mmodzi yekha, mayi a Goodness, ndi amene anandikokera pambali.

"Palani chabe, mnzanga. Tengani kampeni mupale utoto wa pa nyaliyo, anthu asiye kulankhula."

"Ndipale kuti pakamwa pa anthu papume, mutu wa amuna anga uzing'ambika?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa tsamba la fodya. Anamva, anagwedeza mutu mwachisoni, koma chifukwa changacho sanachinyamule kupita nacho kulikonse. Nkhani ya munthu wovutika ndi kuwala siikoma pa mjigo ngati ya mkazi amene watopa ndi mwamuna wopuwala. Ine ndinapitiriza kuyatsa nyali yanga dzuwa likalowa, ndipo katani yathu ndi yopyapyala, sindinagule ina.

Loweruka lina m'mawa ngolo inaima pabwalo. Anatsika a Saulos, akulu awo a amuna anga, nkhoswe ya kuchimuna, mkulu wa mpingo kwawo uko kupitirira Mtunthama, munthu amene savula jekete ngakhale kutatentha bwanji. Anali atatumiza kale uthenga kwa atsibweni anga a Mphepo, nkhoswe yanga, kuti pali nkhani. Ngolo yokha inandiuza nkhaniyo asanatsegule pakamwa, chifukwa munthu wobwera kudzangolankhula amabwera pa njinga. A Levison ndi mkamwini pamudzi pathu pano. Abale awo akati munthu wathu sakusamalidwa, ali ndi mphamvu yomutenga, ndipo akamutenga mwa njira imeneyo ukwati umakhala wathera pomwepo.

Analowa kaye kukaona mng'ono wawo ine ndikuwamwetsa phala, anaima pakhomo pa chipinda pang'ono, n'kutuluka. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo pa mipando, ine pa mphasa.

"Alamu," anayamba a Saulos, maso ali pa nsapato zawo, "ife tinapereka munthu kuno wamphamvu, wolima, amene anamanga nyumba iyi ndi manja ake. Wagwa, chabwino, zimenezo ndi za Mulungu. Koma kuti azigona m'chipinda chimene dziko lonse likuchiloza ndi chala, ife a kwawo sitingalole."

"Munalowamo m'chipindamo dzuwa litalowa, alamu, kuti muone chimene chimachitika?"

"Ine? Ndilowe mmenemo ndi kuwala kumeneko? Anthu aziti chiyani?"

"Anthu omwewo ndi amene adzawapukute pakamwa?"

"Musandiyankhe mwamwano. Ndamumva ndekha m'mawa uno mukumupatsa phala, akuti siya. Munthuyo akukukanani."

"Amatero ndi abusa omwe. Ameneyo anali siya wovomera, amafuna shuga wowonjezera."

"Mukuona, a Mphepo? Akuseka. Ine ndabwera ndi mawu awiri okha. Apale utoto wa mahulewo pamaso pathu pano, kapena munthu wathu tikupita naye lero."

Ndinafotokozanso, mofatsa mmene ndikanathera, za kuwala koyera, za mutu, za kusanza, za kandulo ndi fodya. A Saulos ankamvetsera ngati munthu amene akudikira minibasi. Atsibweni anga ndi munthu wabwino, koma amafuna nkhani iliyonse ithe nthawi yomwetsa ng'ombe isanakwane. Anakhosomola pang'ono n'kunditembenukira.

"Dorika, mwana wanga, nkhaniyi ndi yosavuta. Kukada tilowe tonse, a Saulos ayatse tochi ya foni yawo pamaso pa akamwiniwa, aone okha mmene amachitira. Akaona ndi maso awo, nkhani yatha, iwe wayera."

Anali maganizo anzeru, ndipo ndikanapambana. Mphindi imodzi yokha, a Saulos akanatuluka mutu uli pansi. Koma ine ndi amene ndinkamudziwa siya wa m'mano uja. Ndi ine amene ndinagwira beseni tsiku lonse lija akusanza mpaka ndulu. Mtima unandiwira mpaka m'makutu.

"Ayi, atsibweni. Amuna anga si wailesi ya pa golosale yoti muitsegule mumve ngati ikulira."

"Ndiye kuti mukubisa kanthu," anatero a Saulos.

"Nditchuleni hule mpaka pakamwa paume, alamu. Koma munthu uyu sindimulizitsa ngakhale kamodzi kuti inu mukhutire. Ndipo nyaliyo sindipala."

Atsibweni anagwira mutu. A Saulos anaimirira n'kukonza jekete, nati basi, nkhani yatha, tikumutenga. Ndinawauza kuti pa ngolo agwedezeka, kunjenjemera kuja kubwera. Anati ng'ombe zawo zimayenda ngati pa maliro. Ndinati ndiye adikire dzuwa lilowe, poti masana sangapirire. Apo pokha anavomera msanga, chifukwa nawonso sankafuna kudutsa pamsika masana anthu akuwerenga katundu wa pa ngolo.

Masana onsewo ndinalongedza. Ndinanena mawu akuluakulu pansi pa mango paja, koma m'chipindamo ndinali ndi mantha oopsa. Ndinaganiza za alamu anga aakazi, akazi a a Saulos, amene sadziwa kuti phala la a Levison limafuna kuzizira kaye, sadziwa kuti phewa lakufalo ukalikoka molakwika amamva ululu osatha kunena. Ndinaganiza za Thoko akubwera pa holide n'kupeza bedi lopanda munthu. Kampeni kanali pomwepo pa kabati. Ndinakayang'ana ndithu, sindinama. Kenako ndinakhala m'mbali mwa bedi n'kuwauza zonse.

"Bambo a Thoko, akulu anu abwera kudzakutengani. Akuti ndipale nyali yanu. Ndakana. Ngati ndalakwa, mundikhululukire."

Dzanja lamanzere linangoyenda pa bulangete mpaka linapeza langa. Ndinatenga nyali ija, ndinachotsa mabatire akale n'kuika atsopano amene ndinkasungira, ndinatembenuza kabotolo ka Feliya n'kukamenya pa chikhatho mpaka madontho otsiriza anatsika. Ndinapakanso pamene panayamba kusupuka.

Dzuwa litalowa, a Saulos ndi atsibweni anawanyamula a Levison ndi matiresi omwe n'kuwagoneka pa ngolo. Sindikudziwa kuti anthu anamva bwanji, koma m'mbali mwa njira munali mutadzaza, ena akunamizira kufuna mbuzi, ena kukonza tcheni cha njinga. Anabwera kudzaona hule akulandidwa mwamuna. Ndinaika jumbo ya zovala kumiyendo, ndinapereka malangizo mokweza kuti nawonso ofuna mbuziwo amve. Kenako ndinalowa m'nyumba, ndinatuluka ndi nyali ili yoyaka, n'kuiika pa chifuwa pa a Levison. Ndinakoletsa zala zawo zamanzere pa waya wogwirira, iwo n'kufumbata.

"Ichi n'chiyaninso?" anafunsa a Saulos.

"Mankhwala awo. Mapilitsi ali m'jumbomo, awa ndi enawo. Panjira isazime, muzitha kuona pakamwa pawo. Mukafika kwanu muziiyatsa kuchipinda kumene mukawagoneke, dzuwa likangolowa mpaka kuche. Mabatire akafooka musinthe. Utoto ukasupuka mupite pa saluni ya Feliya, mukati mwatumidwa ndi Dorika, akupatsani wofiira."

"Zimitsani chinthu chimenechi."

"Munthu ndi wanu tsopano, alamu. Zimitsani nokha."

A Saulos anayang'ana kumene njira imalowera. Linali tsiku la msika, nyimbo za m'mabala zinkamveka mpaka kwathu, ndipo njira yopita kwawo ndi imodzi yokha, yodutsa pakati penipeni pa msikawo. Ndinawaona akuwerengera m'mutu. Ngolo yawo, ng'ombe zawo zodziwika ndi aliyense, iwo ali pamwamba ndi jekete, kumbuyo kukufiira. Kenako windo la nyumba yawo, m'mene muli akazi awo ndi ana awo aakazi, likufiira madzulo alionse. Asanamalize kuwerengako, Tsoka anakuwa ali pa njinga yake.

"Eee! A mkulu wa mpingo atsegula nthambi yoyendayenda!"

Anthu anaphulika kuseka. Ine ndinamva mawu otere kwa milungu yambiri ndipo ndinali ndisanafe nawo. A Saulos anawamva kamodzi kokha, khosi linatupa. Anatambasula dzanja kuti alande nyaliyo.

"Siya."

Anali wamfupi uja, wokana, womveka bwino mpaka kunjira. A Levison sanawatchulepo akulu awo popanda ulemu chibadwire, koma liwu limene anatsala nalo lilibe ulemu. A Saulos anakoka pang'ono, zala zija sizinamasuke. Dzanja limenelo ndi limene linkakanikiza jeke yodindira mabelo. Kulimbana ndi wodwala pamaso pa anthu kukanakhala manyazi ena, ndiye anachita chimene sindinawaonepo akuchita. Anavula jekete n'kuphimba nyaliyo, anakwera kutsogolo, anakwapula ng'ombe.

Sindinakonze zowatsatira, koma miyendo inangoyamba yokha. Ndinkayenda kumbuyo kwa ngolo, anthu akundipatukira, wina akutsonya. Kumapeto kwa munda wathu kuli ngalande imene mvula inakumba, ndipo ng'ombe zokwapulidwa ndi munthu wokwiya siziyenda ngati pa maliro. Ngolo inagwera mmenemo, inadumpha, inagweranso. Pang'ono pokha ndinamva zidendene za a Levison zikumenya matabwa, gu gu gu gu. Phokoso limenelo ndimalidziwa ngakhale ndili m'tulo.

"Imani! Alamu, imitsani!"

Anaimitsa. Anatembenuka, anaona bulangete likudumpha lokha mu mdima, anasokonezeka. "Levison! Levison, iwe!" Anapisa m'thumba n'kutulutsa foni, chala chikufuna tochi. Ndinawagwira dzanja ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti ndili nazo, apongozi kapena alamu, ulemu ndinausiya pansi.

"Osati imeneyo!"

"Nanga sindikuona! Sindikuona kanthu!"

"Chotsani jekete lanulo."

Analikoka okha n'kuliponya, linagwera m'ngalande. Nyali inali itagubuduzika pambali, zala zitamasuka. Anaitola okha, anaikweza okha, ndipo ngolo yonse inafiira pakati pa njira, pamaso pa mudzi wonse. Ine ndinali nditakwera kale. Ndinawatembenuza a Levison chammbali, bondo langa kumsana kwawo, mutu pa dzanja langa kuti usamenye thabwa. Thovu linkatuluka pakamwa, ndinkapukuta ndi nsonga ya chitenje, ndikuyang'ana kuti lisabwerere kukhosi. Ndinkawalankhula ngati mmene ndimachitira nthawi zonse, kuti ndili pano bambo a Thoko, ndili pano, zitha posachedwa. A Saulos ankangoti Ambuye, Ambuye. Kunjira kuja kunali zii, ngakhale Tsoka anali atatsika pa njinga.

Pang'onopang'ono zidendene zinasiya. Thupi linafewa, mpweya unayamba kutuluka wolemera ngati wa munthu wothamanga. Matiresi anali atanyowa. Ndinavula chitenje cha pamwamba n'kuwafunditsa m'chiuno anthu asanaone, koma a Saulos anaona, poti ndi amene anagwira nyali.

"Zimachitika kawirikawiri?" anafunsa, mawu atatsika.

"Nthawi imene zafuna."

"Ndiye mumakhala nokha?"

"Ndi nyaliyo."

Sanapepese. Anthu a mtundu wa a Saulos kupepesa kumawatsamwa, ndipo ine sindinkakufuna, sikukanachapa matiresi. Anangondipatsira nyali, anatsika, anagwira ng'ombe pamphuno n'kuzitembenuza pang'onopang'ono, akuyenda wapansi, akusankha podutsa ngalande. Jekete analiiwala momwemo, anachita kutola atsibweni.

A Saulos ndi atsibweni anawanyamulanso a Levison n'kuwabwezera pa bedi lawo. Atsibweni anatuluka msanga, ati ng'ombe zawo sizinamwe. Ine ndinali ndi ntchito yowavula, kuwasambitsa, kusintha zofunda, ndipo ntchito imeneyo imafuna manja awiri. Masiku onse nyali ndimaikoleka pa msomali, koma tsiku limenelo msomaliwo sindinauyang'ane n'komwe.

"Alamu, gwirani nyali."

Anagwira. Chipinda chathu ndi chaching'ono, mbali imodzi bedi, mbali inayo mabelo a fodya mpaka kudenga. Malo okha oti munthu aime ndi pa windo. Anaima pamenepo, malaya okha opanda jekete, kumbuyo kwawo kuli katani yanga yopyapyala ija. Panja anthu anali asanabalalike, mawu awo ankamveka chapansipansi. Aliyense woima panjira ankaona bwinobwino chithunzi cha mwamuna wamtali pa windo lofiira la kwa Dorika, ndipo mutu wa dazi wa a Saulos palibe amene akanausokoneza ndi wa munthu wina.

Ndinaviika kansalu m'madzi ofunda, ndinayamba kumaso. A Levison anatsegula maso pang'ono, anayang'ana ine, anayang'ana akulu awo, n'kutulutsa siya wokoka uja, wofooka koma womveka. A Saulos anandiyang'ana.

"Ameneyo ndi uti?"

"Wovomera."

Kunja wina anaseka, kaseko kamodzi kothawa. Ndinaona mkono wa a Saulos ukuyamba kutsika, nyali ikulowera pansi pa windo pang'onopang'ono, kuwala kukuchoka pa nkhope ya amuna anga n'kupita ku miyendo ya bedi. Sindinasiye kupukuta, sindinatembenuke n'komwe.

"Kwezani m'mwamba, alamu. Sindikuona."

Anakweza, ndipo sanatsitsenso mpaka ndinamaliza.